Mmene mungasonkhetsere ndalama zothandizira asilikali opuma pantchito ndi mabanja awo

Msilikali akavula yunifolomu komaliza, mavuto a nkhondo imene adamenya sathera pomwepo. Ena amabwerera kwawo alibe mwendo kapena dzanja, ena makutu atagontha ndi phokoso la mizinga, ndipo ena amaoneka athanzi masana koma usiku tulo saona nato. Palinso amene sabwerera n'komwe, n'kusiya mkazi kapena mwamuna ndi ana oyenera kudya, kuvala ndi kuphunzira. Maboma ambiri amapereka penshoni ndi chithandizo cha kuchipatala, koma kawirikawiri zimenezi sizifika paliponse pamene pali vuto, ndipo mpata wotsalawo ndi umene mabungwe othandiza asilikali akale amayesetsa kutseka. Mabungwewa amadalira zopereka za anthu akufuna kwabwino, ndipo zoperekazo sizibwera zokha popanda wina kudzipereka kuti azisonkhetse.

Anthu ambiri akaganiza zosonkhetsa ndalama, maganizo awo amathamangira ku tsiku la mwambo: malo, oimba, alendo olemekezeka ndi zikwangwani. Tsikulo ndi lofunika ndithu, koma ntchito yaikulu imagwiridwa m'masabata a tsikulo lisanafike ndiponso litadutsa. Aliyense woponya ndalama m'bokosi lanu akukhulupirira kuti ikafika kwa msilikali wovulala kapena kwa mwana wamasiye, ndipo zonse zimene zafotokozedwa m'munsimu cholinga chake n'chakuti chikhulupiriro chimenecho chisapite pachabe.

Yambani ndi bungwe, osati mwambo

Musanalembe kalata ngakhale imodzi yopempha thandizo, sankhani bungwe limene ndalamazo zidzapiteko, ndipo mulidziwe bwino. Mabungwe a asilikali akale sagwira ntchito yofanana. Ku Britain, SSAFA, imene idakhazikitsidwa mu 1885, imathandiza asilikali ndi mabanja awo pa zosowa zosiyanasiyana, pamene Combat Stress, ya mu 1919, imaona za matenda a maganizo. Ku Australia, bungwe la Legacy lakhala likusamalira akazi amasiye ndi ana a asilikali kuyambira mu 1923. Ku America, Fisher House Foundation imamanga nyumba pafupi ndi zipatala za asilikali kuti achibale a wodwala azigona kwaulere pamene akudwazika. Ndipo Royal Commonwealth Ex-Services League, imene idayambira ku Cape Town mu 1921, imafikira asilikali okalamba a m'maiko a mu Africa, Asia ndi Caribbean amene adamenyera nkhondo ufumu wa Britain maiko awo asanalandire ufulu. Dzifunseni kuti mtima wanu uli pa vuto liti, chifukwa simungathe kupempha ndi mtima wonse pa chinthu chimene inuyo simuchimvetsa.

Mukasankha, fufuzani ngati bungwelo lidalembetsedwa mwalamulo. M'maiko ambiri muli ofesi ya boma yosunga kaundula wa mabungwe achifundo. Ku England ndi Wales ndi Charity Commission, ndipo aliyense angathe kuona pa intaneti nambala ya bungwe ndi malipoti ake a zachuma. Ku America mabungwe otere amapereka chikalata chotchedwa Form 990, chimene chimaonetsa ndalama zolowa, zotuluka ndi malipiro a akuluakulu. Pemphani lipoti la chaka chatha, ndipo muone ngati lidaunikidwa ndi akatswiri owerengera chuma ochokera kunja kwa bungwelo. Bungwe loona silikhumudwa ndi pempho lotere. Likayamba kuzembazemba kapena kukuuzani kuti nkhani za asilikali n'zachinsinsi, tembenukani.

Kusamala kumeneku kuli ndi chifukwa chake. Dzina la msilikali wovulala limatsegula matumba a anthu msanga, ndipo akuba amadziwa zimenezi. Mu Julaye 2018, bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, pamodzi ndi zigawo zonse za dzikolo, lidalengeza za milandu ndi njira zina zalamulo zoposa 100 zolimbana ndi magulu amene ankatolera ndalama m'dzina la asilikali akale koma osazifikitsa. Magulu otere amakonda kutenga dzina lofanana pang'ono ndi la bungwe lodziwika, n'kuikapo mbendera ndi chithunzi cha msilikali. Choncho yerekezani dzina ndi nambala ya m'kaundula chilembo ndi chilembo.

Pa lipoti la zachuma pali chinthu chimodzi chimene ambiri amachiweruza molakwika. Amafuna bungwe limene silimawononga kalikonse pa malipiro ndi maofesi, ngati kuti mlangizi wa maganizo kapena namwino woyendera okalamba angagwire ntchito chaka chonse osalandira kanthu. Ine ndimaona kuti funso loyenera n'lakuti bungwelo lidathandiza anthu angati, m'njira yotani, ndipo lingasonyeze bwanji. Bungwe lokhala ndi antchito odziwa ntchito ndi mabuku olongosoka limaposa lodzitama kuti lilibe zowononga koma silingatchule amene lidawathandiza.

Pemphani chilolezo, ndipo chikhale cholembedwa

Lemberani bungwelo kalata yofotokoza zimene mukufuna kuchita, tsiku lake, malo ake ndi ndalama zimene mukuyembekezera kupeza. Pemphani kuti akuyankheni ndi kalata yokhala ndi chidindo, yotsimikiza kuti akudziwa za ntchito yanu. Kalata imeneyi mudzaionetsa kwa makampani, kwa eni malo ndi kwa aliyense wokayika. Funsaninso mmene mungagwiritsire ntchito dzina ndi chizindikiro chawo, chifukwa zizindikirozi n'zotetezedwa ndi lamulo. Mwachitsanzo, duwa lofiira la poppy la Royal British Legion, bungwe la asilikali akale la ku Britain, silingasindikizidwe pa malaya ogulitsa popanda chilolezo cha bungwelo. Pa zikwangwani zanu lembani momveka kuti mukusonkhetsa ndalama zothandizira bungwelo, osati kuti ndinu bungwelo.

Pa kukambirana komweko, funsani chimene akusowa kwambiri panthawiyo. Mwina inu mumaganiza za njinga za olumala pamene iwo ali nazo zokwanira koma akusowa ndalama zokonzera zimene zidathyoka, kapena zolipirira ulendo wa odwala wopita kuchipatala. Zomwezi zikhudzanso katundu: musatolere zovala, mabulangete kapena mankhwala musanafunse, chifukwa katundu wosapemphedwa amafuna posungira ndi pomunyamulira, ndipo nthawi zina amasanduka mtolo kwa amene mumafuna kuwapeputsa.

Kupatula bungwe, palinso malamulo a dziko limene muli. Kutolera ndalama m'misewu kapena khomo ndi khomo kumafuna chilolezo cha khonsolo kapena apolisi m'maiko ambiri. Mpikisano wa matikiti a mwayi umawerengedwa m'gulu la juga, ndipo uli ndi malamulo akeake; ku Britain uli pansi pa Gambling Act ya mu 2005. Ulendo wa ndawala wodutsa mumsewu waukulu umafuna apolisi apamsewu ndi anthu a chithandizo choyamba. Mapepala amenewa amatopetsa, koma walira mvula walira matope, ndipo ndi bwino kuyamba kuwatsatira miyezi iwiri kapena itatu tsikulo lisanafike.

Tchulani chinthu chooneka ndi maso

Anthu amapereka mosavuta akadziwa chimene ndalama yawo ikachite. Pamene Bryn ndi Emma Parry adayambitsa bungwe la Help for Heroes ku Britain mu 2007, sadangonena kuti akuthandiza asilikali ovulala. Adapempha ndalama zomangira dziwe losambiramo ku Headley Court, chipatala cha asilikali kumene ovulala ankaphunzira kuyendanso, ndipo aliyense adatha kuliona dziwelo m'maganizo mwake. Inunso gwirizanani ndi bungwe lanu pa chinthu chimodzi chotchulika: miyendo yochita kupanga ya anthu asanu, fizi ya chaka chimodzi ya ana khumi, kapena denga la nyumba imene okalamba amakhalamo. Mtengo wake uchokere ku bungwelo, osati m'mutu mwanu.

Apa pali msampha umene ambiri sauona. Ndalama imene mwapempha potchula ntchito inayake iyenera kugwira ntchito yomweyo, ndipo m'maiko ena lamulo limakakamiza zimenezi. Nanga zikapitirira mlingo, kapena zikapanda kukwana? Kuti musadzasowe chochita, onjezani chiganizo chimodzi pa chikalata chilichonse chopemphera, chonena kuti ndalama zikaposa kapena kuperewera pa mlingo, bungwe lidzazigwiritsa ntchito pa zosowa zina za asilikali akale ndi mabanja awo. Ndipo ngati bungwe likukuuzani kuti lingakonde ndalama zosamangiriridwa ku ntchito imodzi, limvereni, chifukwa mavuto adzidzidzi, monga maliro kapena banja lothamangitsidwa m'nyumba ya lendi, amalipiridwa ndi ndalama zoterezo.

Njira ndi nthawi

Njira yakale kwambiri, yomwe ikugwirabe ntchito, ndi ya kachizindikiro kovala pachifuwa. Mu Novembala 1921, British Legion, imene lero ndi Royal British Legion, idagulitsa maluwa a poppy ochita kupanga, potsatira ganizo la mayi wa ku France, Anna Guérin, ndipo idapeza mapaundi oposa 106,000. Chaka chotsatira, George Howson adatsegula fakitale yopanga maluwawa imene idalemba ntchito asilikali olumala. Ku France amavala duwa lobiriwira ngati thambo lotchedwa Bleuet de France. Nzeru ya njirayi ndi yakuti wopereka amalandira kanthu kooneka, ndipo akakavala amakumbutsa ena osalankhula mawu. Ngati bungwe lanu lili ndi chizindikiro chotere, njira yapafupi koposa ndiyo kudzipereka kukhala mmodzi wa ogawa, chifukwa mabokosi, zilolezo ndi akaunti zimakhala zokonzedwa kale.

Ulendo wa ndawala, kuthamanga kapena kupalasa njinga mtunda wautali kumayenerana ndi nkhaniyi, popeza asilikali akale ambiri amakonda kutenga nawo mbali m'malo mongoonerera. Aliyense woyenda amatenga pepala lolembapo maina a omulonjeza ndalama, kapena amatsegula tsamba pa intaneti monga JustGiving kapena GoFundMe. Posankha tsamba lotere, werengani ndalama zimene amadula pa chopereka chilichonse, ndipo ngati n'kotheka sankhani njira yotumiza ndalamazo ku akaunti ya bungwe mwachindunji, zosadzera m'manja mwanu.

Phwando lolowera ndi tikiti, chionetsero cha oimba ndi okushoni zingathe kubweretsa ndalama zambiri, komanso ndi zimene zimagwetsa anthu ambiri m'ngongole. Musanasungitse malo, khalani pansi ndi pepala: mbali imodzi lembani zonse zimene mudzalipire, mbali ina lembani matikiti amene muli otsimikiza kuti mugulitsa, osati amene mukulakalaka. Ngati phindu likuoneka pokhapokha holo itadzaza, mwambowo ndi waukulu kuposa mphamvu zanu, ndipo uchepetseni. Pemphani makampani kuti alipire zinthu zotchulika, monga holo, zokuzira mawu kapena kusindikiza matikiti, m'malo mowapempha thandizo losadziwika kukula kwake. Funsaninso ngati kampaniyo ili ndi ndondomeko yowonjezera ndalama yofanana ndi imene antchito ake asonkha, chifukwa makampani ena amatero koma antchito awo sadziwa. Pa tikiti lembani zoona: ngati bungwe lidzalandira zotsala mutachotsa zowononga, musalembe kuti ndalama zonse zipita ku bungwe.

Nthawi imathandiza. Pa 11 Novembala, tsiku limene nkhondo yoyamba ya dziko lonse idaleka mu 1918, maiko ambiri amakumbukira asilikali awo. Ku Australia ndi New Zealand kulinso Anzac Day pa 25 Epulo, ndipo ku America kuli Memorial Day Lolemba lomaliza la Meyi. Masiku amenewa mitima ya anthu imakhala yofewa kale. Komabe musapikisane ndi bungwe lanu lomwe pa sabata imene ilo likutolera, ndipo kumbukirani kuti njala ndi matenda siziyang'ana kalendala. Mwambo wochitika pakati pa chaka, pamene thumba la bungwe laphwa, ungakhale wothandiza kwambiri.

Ulemu wa amene mukuwathandiza

Gawo ili ndimaliona lolemera kuposa ena onse. Anthu amene mukuwasonkhetsera ndalama adaphunzitsidwa kupirira ndi kusadandaula, ndipo ambiri amatha zaka asanavomere kuti akufuna thandizo. Munthu wotere mukamuonetsa pagulu ngati wopemphapempha, mwina mudzapeza ndalama tsikulo, koma iye ndi anzake amene akuonerera sadzabweranso kudzapempha thandizo ngakhale zinthu zitafika poipa.

Taganizirani mayi amene mwamuna wake adafera kunkhondo, atakhala pampando wakutsogolo ndi ana ake awiri. Woyendetsa mwambo, pofuna kukhudza mitima, akumuitana mwadzidzidzi kuti aimirire ndi kufotokoza mmene adalandirira uthenga wa imfa, makamera a mafoni ali m'mwamba. Mayiyo adzaimirira chifukwa cha ulemu, koma adzabwerera kwawo atavulidwa. Zimenezi zimapeweka mosavuta: aliyense amene adzalankhule kapena kujambulidwa afunsidwe masiku angapo m'mbuyo, auzidwe kumene chithunzi ndi mawu ake zidzaonekere, avomere molemba, ndipo adziwe kuti angathe kusintha maganizo ngakhale m'mawa wa tsikulo popanda kutaya thandizo. Ana asajambulidwe popanda chilolezo cha kholo, ndipo maina awo athunthu ndi sukulu zawo zisatchulidwe. Musafunse msilikali ngati adaphapo munthu, ndipo musalole mlendo aliyense kumufunsa zimenezo pa maikolofoni.

Konzani malo moganizira matupi ndi maganizo a alendo anu. Pakhomo pakhale polowera njinga ya olumala, chimbudzi chikhale chofikirika, ndipo okalamba asaimitsidwe padzuwa kudikira mlendo wolemekezeka. Kwa amene ali ndi vuto la kuvutika maganizo chifukwa cha zoopsa zimene adaona, limene madokotala amalitcha PTSD, makombola, mabaluni ophulika ndi ng'oma yolira modzidzimutsa zingathe kuwabwezera kunkhondo m'kanthawi kochepa. Zisiyeni zimenezo, ndipo patulani chipinda chabata chimene munthu angapiteko osafunsidwa chifukwa. Ena amakonda kukhala pafupi ndi khomo kapena msana uli kukhoma. Asiyeni asankhe okha mpando.

Samalaninso ndi anthu odzitcha asilikali pamene sadakhalepo. Vutoli ndi lenileni moti ku America lamulo la Stolen Valor Act la mu 2013 limalanga munthu wonama kuti adalandira mamendulo ena aulemu n'cholinga chopeza ndalama kapena katundu. Olankhula pa mwambo wanu achokere ku bungwe, limene limawadziwa. Ndale nazo zisalowe: pakati pa opereka pali amene adagwirizana ndi nkhondo inayake ndi amene adaitsutsa, ndipo onsewo angathe kugwirizana kuti wovulala athandizidwe, malinga mwambowo usasanduke msonkhano wa chipani.

Kusunga ndi kuwerenga ndalama

Musagwire ntchitoyi nokha. Pakhale komiti ya anthu osachepera atatu, ndipo msungichuma asakhale mkazi, mwamuna kapena mbale wa wapampando. Ndalama zisalowe mu akaunti yanu ya kubanki kapena ya pafoni ngakhale kwa usiku umodzi, chifukwa zikasakanikirana ndi zanu, ngakhale mutakhala wokhulupirika chotani, simudzatha kutsimikizira wokayika.

Bokosi lililonse losonkheramo likhale ndi nambala, likhale lomata, ndipo wolitenga asaine m'buku potenga ndi pobweza. Otolera avale chiphaso chokhala ndi dzina lawo ndi la bungwe, ndipo aziyenda awiriawiri. Madzulo a tsikulo, kapena m'mawa mwake, anthu awiri osakhala pachibale akhale patebulo limodzi m'chipinda chotseka. Atsegule bokosi limodzi lokha panthawi, aone kaye ngati chomatira chili bwinobwino, akhuthule ndalamazo, wina awerenge mokweza mnzake akuyang'ana, kenaka asinthane. Chiwerengero chilembedwe pafupi ndi nambala ya bokosilo, onse awiri asaine, ndipo pokhapo ndi pamene atsegule lotsatira. Musatenge ndalama za m'bokosi n'kulipira woimba kapena wagalimoto pomwepo. Zonse zipite kubanki tsiku loyamba limene banki yatsegula, ndipo zolipira zituluke padera ndi malisiti ake.

Funsani bungwe ngati dziko lanu lili ndi ndondomeko ya msonkho yokomera opereka. Ku Britain, kudzera mu Gift Aid, bungwe limalandira mapeni 25 owonjezera pa paundi iliyonse yoperekedwa ndi munthu wolipira msonkho amene wadzaza fomu, ngakhale kuti ndalama zogulira tikiti ya mpikisano wa mwayi siziwerengedwa. Ku America, wopereka ku bungwe lovomerezeka angathe kuchotsera chopereka chake pa msonkho malinga ndi malamulo ake. Mapepala a maina ndi manambala a foni a opereka asungidwe mosamala, ndipo asaperekedwe kwa wina aliyense amene eni ake sadamuvomereze.

Mwambo ukatha

Pasanathe sabata ziwiri kapena zitatu, tumizani ndalamazo ku bungwe ndipo mupemphe lisiti ndi kalata yotsimikiza kuti zalandiridwa. Kenaka lembani lipoti la tsamba limodzi loonetsa ndalama zonse zimene zidalowa, zimene zidagwiritsidwa ntchito pokonza mwambo, ndi zimene zidafika ku bungwe, n'kuliika pamalo onse amene mudaikapo pempho lanu. Ngati zidaperewera pa mlingo, nenani momwemo. Anthu amakhululukira kuperewera, koma kukhala chete amakutanthauzira moipa. Thokozani aliyense potchula dzina lake m'kalata kapena pafoni, kuphatikizapo amene adanyamula mipando ndi amene adaima ndi bokosi tsiku lonse.

Patapita miyezi ingapo, funsani bungwe chimene ndalamazo zidachita, ndipo uzani opereka, mosatchula maina a olandira ngati iwo sadalole. Uthenga umenewo ndi mpata wabwino wopempha ena kuti aziika kangachepe mwezi uliwonse molunjika ku akaunti ya bungwe, chifukwa ndalama yobwera mokhazikika ndi imene imalola bungwe kulemba ntchito mlangizi kapena kulonjeza mwana fizi mpaka adzamalize sukulu. Buku la mabokosi, makalata a zilolezo, maina a makampani amene adathandiza ndi ndondomeko ya zowononga ziikidwe mu fayilo imodzi, ndipo kope lake liperekedwe ku bungwe kuti amene adzatsogolere chaka chamawa adzayambire pamenepo.